Kuunika chigamba chokonza kalembedwe ka mafayilo pa disiki: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anzanga okonza makompyuta kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje. Ena amabwera fayilo itawatayikira magetsi atathima. Ena ayamba kuwerenga code ya Linux ndipo akufuna kudziwa mmene angazindikirire kuti chigamba, chomwe ndi kusintha kwa code kofuna kukonza cholakwika, chakonzadi vuto. Zitsanzo zambiri ndi za Linux chifukwa code yake aliyense angaiwerenge.

Kodi file system n'chiyani?

Disiki payokha sidziwa kuti fayilo n'chiyani. Imangodziwa timagawo tokhala ndi manambala, kagawo kalikonse ka mabaiti 512 kapena 4096. File system ndi mbali ya operating system (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Linux kapena Windows) yomwe imasunga kaundula: dzina ili ndi la fayilo iti, fayiloyo ndi yaikulu bwanji, yakhala pa timagawo titi, ndipo timagawo topanda kanthu ndi titi. Pa Linux mupeza ext4, XFS ndi Btrfs. Pa Windows pali NTFS. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32 kapena exFAT, ndipo mafoni a Android amagwiritsa ntchito ext4 kapena F2FS.

Chimene ife timati kulemba kamodzi, m'kati muli ntchito zingapo: kupeza malo, kuikapo zolembedwazo, kukonza kukula kwa fayilo, ndi kuchotsa malowo pa mndandanda wa malo opanda kanthu. Ntchitozi sizithera pamodzi. Mavuto onse omwe tikambe pano amabisala pa mipata ya pakati pa ntchitozi.

Ndikadina Save, si ndiye kuti zalembedwa basi?

Ayi. Pulogalamu ikaitana `write`, lamulo lolembera, kernel (mtima wa operating system, womwe umalankhula ndi disiki) imakopera zolembedwazo m'memori, pa malo otchedwa page cache, n'kuyankha kuti zatheka. Pa nthawiyo disiki isanaone kanthu. Masamba a memori oterewa amatchedwa dirty, kutanthauza kuti ali ndi zinthu zomwe pa disiki palibe. Mwachizolowezi Linux imadzuka pa masekondi 5 aliwonse kukaona masambawa, ndipo tsamba likhoza kudikira masekondi 30 lisanatumizidwe ku disiki.

Amene anagulitsapo thonje pamsika ku Ngabu aimva msanga nkhaniyi. Kalaliki akayeza thumba amalemba kulemera kwake pa kapepala kali m'dzanja, n'kukuuzani kuti mwalembedwa. Koma m'buku lalikulu alowetsamo nthawi ina mzere ukachepa. Kapepalako kakauluka ndi mphepo, thonje lanu lili m'shedi koma dzina lanu mulibe m'buku. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pulogalamu yofuna kutsimikiza imaitana `fsync`. Lamuloli silibwerera mpaka zolembedwa zitafika pa disiki, ndipo kernel imauzanso disikiyo kuti ikhuthule kamemori kake ka m'kati.

Nanga journal ija timamva kuti imateteza mafayilo?

Imateteza kaundula, osati kwenikweni zimene zili m'fayilo. File system isanasinthe kaundula imayamba yalemba mu journal, malo apadera a pa disiki, zomwe ikufuna kuchita. Magetsi akathima ntchito ili pakati, kompyuta ikayaka imawerenga journal n'kumaliza zomwe zinalembedwa zonse, zotsala zoduka n'kuzitaya. Pa ext4 journal imatsekedwa, kutanthauza kuti zomwe zasonkhana zimatsimikizidwa pa disiki, pa masekondi 5 aliwonse, ndipo pali njira zitatu: `data=ordered`, yomwe ndi yachizolowezi, `data=journal` ndi `data=writeback`. FAT32 ya pa fulashi ilibe journal n'komwe.

Chaka cha 2009, ext4 itangoyamba kufala, anthu ambiri anapeza mafayilo awo asanduka a mabaiti 0 kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Chifukwa chake chinali chakuti ext4 imachedwetsa dala kusankha malo pa disiki kuti iwasankhe bwino. Mapulogalamu ankalemba fayilo yatsopano n'kuisintha dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale, osaitana `fsync`. Dzina linkafika pa disiki, zolembedwa zisanafike. Theodore Ts'o, woyang'anira ext4, anaika kusintha komwe kunalowa mu Linux 2.6.30 kuti ext4 ikaona kachitidwe kameneka izikankhira zolembedwazo ku disiki msanga.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuchigwa?

Chifukwa mpata wa masekondi 30 uja, womwe m'mayiko ena munthu amatha zaka osaugweramo, kuno timaugweramo sabata ndi sabata. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Onjezeranipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala komwe kumapyola madigiri 40, mabatire a UPS (kabokosi kopatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi akathima) omwe amafa msanga ndi kutenthako, ma invetala a sola ozima okha katundu akachuluka, ndi fumbi lolowa m'mafani.

Tsiku lina ndinaitanidwa pa ofesi ina yaing'ono kufupi ndi Ngabu. Mayi wolemba mabuku anali atatha m'mawa wonse akulowetsa mayina a alimi ndi ngongole zawo za mbewu. Anasunga pa fulashi, magetsi n'kuthima nthawi yomweyo, UPS inangolira kamodzi n'kukhala chete. Titayatsa ndi jenereta, dzina la fayilo linalipo, tsiku ndi nthawi zili bwinobwino, kukula kwake 0. Mayiwo anayang'ana sikirini, anayang'ana mulu wa mapepala womwe anali atamanga kale ndi lamba, n'kuyamba kumasula lambayo osayankhula. Kuyambira tsiku limenelo ndikamawerenga chigamba cha file system ndimaona manja aja akumasula lamba.

Chigamba n'chiyani, ndipo kuchiunika n'kutani?

Chigamba, chomwe pa Chingerezi amati patch, ndi kusintha kwa code kolembedwa mosonyeza mizere yochotsedwa ndi chizindikiro cha - ndi yowonjezedwa ndi chizindikiro cha +. Pamwamba pake pamakhala mawu ofotokoza vuto ndi chifukwa cha kusinthako. Pansi pa mawuwo pamakhala timizere monga `Fixes:` kosonyeza kusintha kwakale komwe kunabweretsa vutolo, `Reported-by:` kotchula yemwe analiona, ndi `Signed-off-by:` ka wolemba.

Kuunika ndi kuwerenga zonsezi ngati munthu wachiwiri yemwe sanakhutire, mpaka mutakhutira pa zifukwa zanuzanu.

Ndiyambire pati ndikalandira chigamba?

Yambani ndi mawu ofotokoza, code muisiye kaye. Mukamaliza kuwerenga muyenera kutha kuuza mnzanu m'Chichewa chomveka kuti chimachitika n'chiyani, chimachitika liti, ndiponso chifukwa chake. Ngati simungathe, bwezani chigambacho mupemphe kuti afotokoze bwino. Uku si kuvuta ayi. Pakatha zaka zisanu wina adzafufuza mbiri ya mzere umenewu, ndipo mawu amenewo ndi okhawo omwe adzamuthandize.

Kenako tsatani kamzere ka `Fixes:` muwerenge kusintha kwakaleko. Yemwe anakulemba anali ndi chifukwa chake. Kawirikawiri ankakonza vuto lina, ndiye chigamba chatsopano chikangofafaniza ntchito yake, vuto lakale lija lidzukanso. `git log` ndi `git blame` ndi zomwe zingakuonetseni mbiriyi.

Chachitatu, lionani vutolo ndi maso anu chigamba chisanaikidwe. Ngati simunalione likuchitika, simungadziwe kuti latha. Onani yankho la funso la kuyesa m'munsimu.

Pali mtundu wa chigamba womwe ndimaukayikira ndikangouona. Kernel imagwa chifukwa pena pake yapeza malo opanda kanthu pomwe imayembekeza chinthu, ndiye wolemba amangoika mzere woti pakakhala popanda kanthu, bwerera. Kugwa kwathadi. Koma ndani anasiya malowo opanda kanthu, ndipo zolembedwa za munthu zomwe zimayenera kudutsa pamenepo zapita kuti? Kernel yogwa mumaiona n'kuchitapo kanthu. Yomwe ikutaya zolembedwa mwakachetechete mumadzaizindikira patatha miyezi, mabakapu onse, makope osungira pambali aja, atatengera kale zowonongekazo.

Ndi funso liti lomwe wounika sayenera kulisiya?

Ili: magetsi atathima pa mzere uwu, pa disiki patsala chiyani? Ikani chala pakati pa mizere iwiri iliyonse yokhudza disiki, mufunse zimenezi, musunthe chala, mufunsenso.

Titenge chitsanzo. Fayilo ili ndi mabaiti 4096 ndipo pulogalamu ikuwonjezera ena 4096 kumapeto. File system yapeza kagawo katsopano. Tsopano pali zinthu ziwiri zoti zifike pa disiki: zolembedwa zenizenizo, ndi kaundula wonena kuti fayilo yakula kufika pa 8192. Zolembedwa zikayamba kufika magetsi n'kuthima, palibe choopsa kwenikweni. Fayilo ikadali ya 4096 monga kale, mwangotaya zowonjezerazo. Koma kaundula akayamba kufika magetsi n'kuthima, fayilo ikunena kuti ndi ya 8192 pomwe kagawo katsopanoko kakadali ndi zomwe zinalimo kale. Zakalezo zikhoza kukhala zotsalira za fayilo ya munthu wina yomwe inafufutidwa: malipiro a antchito, kapena zotsatira za magazi a wodwala. Apa vuto lasanduka la chinsinsi cha anthu.

Ichi n'chifukwa chake `data=ordered` imaonetsetsa kuti zolembedwa zatsogola journal isanatsekedwe, ndipo ext4 ndi XFS zili ndi njira yoikira chizindikiro pa malo atsopano kuti sanalembedwe, kuti wowerenga azipatsidwa maziro mpaka zolembedwa zenizeni zitafika. Chigamba chilichonse chosuntha mzere wosintha kukula kwa fayilo, kapena wochotsa chizindikiro chimenechi, chiwerengeni kawiri. Chimodzimodzinso chomwe chikuchotsa kudikira kwina ponena kuti liwiro likwere. Mwina kudikirako n'kopandadi ntchito, koma wolemba asonyeze chimene chikutsimikiza dongosololi tsopano.

Funsaninso za lonjezo la `fsync`. Ikabwerera n'kunena kuti zatheka, zonse zofunika kuti fayiloyo iwerengeke magetsi akabwera ziyenera kukhala zitafika, kuphatikizapo kukula kwake ndi malo ake.

Chigamba chakonza njira yomwe inali ndi vuto. Sizokwanira?

Zolembedwa zili ndi makhwawa ambiri ofikira pa disiki. Pali njira ya masiku onse yodzera mu page cache. Pali `O_DIRECT`, yomwe imalambalala page cache ndipo ma database amaikonda. Pali `mmap`, pomwe pulogalamu imalemba m'memori mwachindunji kernel n'kudzazindikira pambuyo. Palinso `O_APPEND`, `O_SYNC`, kudula fayilo ndi `truncate`, ndi kusungiratu malo ndi `fallocate`.

Ife a kuno tikudziwa kuti madzi saiwala khwawa. Mukatseka pomwe Mwanza kapena Ruo anaboola chaka chatha osayendera gombe lonse, chaka chino aboola pafupi pomwepo. Funsani wolemba kuti: cholakwika chomwechi kulibe mu njira ya `O_DIRECT`? Nanga wina akamalemba ndi `mmap` pomwe wina akudula fayiloyo? Ngati kusinthako kuli mu code yogawana, monga iomap yomwe XFS ndi ext4 zimadaliranso, ndiye kuti mukuunika m'malo mwa ma file system onse odzera pamenepo.

Nanga kulemba kukalephereka pakati?

Mbali imeneyi ndi yomwe imawerengedwa mothamanga, chonsecho zolakwika zambiri zimagona momwemo. Disiki ikhoza kudzaza, kernel n'kubweza `ENOSPC`. Ikhoza kukana kulemba, n'kubweza `EIO`. Ndiponso `write` ili ndi ufulu wolemba mabaiti ochepa kuposa omwe inapemphedwa. Tsatani njira iliyonse yotulukira msanga: loko, woletsa ena kugwira fayiloyo nthawi yomweyo, wamasulidwa? Malo omwe anasungidwa abwezedwa? Nambala yomwe ikubwezedwa kwa pulogalamu ikufanana ndi mabaiti omwe alembedwadi? Kukula kwa fayilo sikunapitirire zomwe zalembedwa?

Chachikulu, uthenga wa kulephera ukufika kwa mwini wake? Mu 2018 opanga database ya PostgreSQL anazindikira kuti pa Linux, disiki ikakana kulemba, `fsync` inkanena za vutolo kamodzi kokha, masamba aja n'kuchotsedwa chizindikiro cha dirty. PostgreSQL inkayesanso `fsync` kachiwiri, n'kuuzidwa kuti zatheka, pomwe zolembedwazo sizinafike pa disiki. Linux inali itayamba kale kukonza kafalitsidwe ka mauthengawa mu 4.13 ya 2017, koma PostgreSQL inasinthabe kachitidwe kake: `fsync` ikalephera, database imaima nthawi yomweyo n'kudzikonzanso kuchokera mu kaundula wake.

Kodi mpikisano wa pa fayilo ndi maloko n'chiyani?

Mapulogalamu awiri akhoza kugwira fayilo imodzi nthawi imodzi, wina akulemba, wina akudula. Kernel imagwiritsa ntchito maloko, monga loko wa inode (kaundula wa fayilo imodzi) ndi loko wa tsamba la memori, kuti mmodzi adikire mnzake. Chigamba chikawerenga kukula kwa fayilo, n'kumasula loko, n'kudzagwiritsa ntchito nambala ija pambuyo, dziwani kuti mwina yasintha kale.

Kuwonjezera loko nakonso kuli ndi ngozi yake. Wina akagwira loko woyamba n'kudikira wachiwiri, pomwe mnzake wagwira wachiwiri akudikira woyamba, onse aima mpaka kalekale, ngati ngolo ziwiri zokumana pa kamlatho kopapatiza popanda wobwerera m'mbuyo. Yatsani `lockdep` mu kernel yoyesera, imagwira dongosolo lolakwika la maloko ngakhale kuimako kusanachitike.

Chigamba cha mizere iwiri chikufunikanso kuunika konseku?

Inde. Vuto lotchuka la Dirty Pipe la mu 2022 linakonzedwa poika ziro pa kachizindikiro kamodzi m'malo awiri. Max Kellermann analipeza atatha miyezi akufufuza chifukwa chomwe mafayilo ena a pa seva ankawonongekera mwa apo ndi apo. Kachizindikiroko kankasiyidwa kosakonzedwa kuyambira 2016 popanda choopsa chooneka, mpaka kusintha kwina kwa mu Linux 5.8 kunachititsa kuti munthu wamba athe kulemba pa fayilo yomwe amaloledwa kuwerenga kokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuti mumvetse mizere iwiriyo muyenera kuwerenga mazana a mizere yoizungulira.

Chigamba chavomerezedwa kale mu kernel yatsopano. Ndichiunikenso pochiika mu yakale?

Chiunikeninso, ndipo muyambire pa funso loti chikudalira chiyani. Kumapeto kwa 2023 chigamba chabwinobwino cha ext4, chokonza kasungidwe ka kukula kwa fayilo polemba ndi `O_DIRECT`, chinaikidwanso mu kernel yakale, Linux 6.1.64. Chinalowa bwino, kernel inamangika bwino. Koma chinkadalira kusintha kwina komwe kunali mu kernel zatsopano zokha. Zotsatira zake, malo olembera m'fayilo sankasuntha bwino, ndipo zolembedwa zikanatha kugwera pa malo olakwika. Debian, mtundu wina wa Linux, inaimitsa kutulutsa 12.3 mu Disembala 2023, n'kutulutsa 12.4 yokhala ndi 6.1.66 momwe vutolo linakonzedwa.

Izi n'zofunika kwa ife chifukwa makompyuta a Linux a m'masukulu ndi m'maofesi kawirikawiri amayendera kernel zakale zomwe zimapitiriza kukonzedwa kwa nthawi yaitali, ndipo zigamba zimatifika kudzera m'njira imeneyi.

Ndiyese bwanji popanda kuwononga kompyuta yanga?

Musayesere pa disiki yomwe ili ndi ntchito yanu. Gwiritsani ntchito QEMU kupanga kompyuta ya m'kati mwa kompyuta, muipatse madisiki awiri ongoyesera. Mayeso odziwika ndi fstests, omwe kale ankatchedwa xfstests chifukwa anayambira pa XFS. Amafuna disiki imodzi yotchedwa `TEST_DEV` ndi ina `SCRATCH_DEV` yomwe amaifufuta mobwerezabwereza. Thamangitsani `./check -g quick` chigamba chisanaikidwe, musunge zotsatira, muike chigamba, muthamangitsenso, muyerekeze. M'menemo mulinso `fsx` ndi `fsstress` zomwe zimapanikiza file system ndi kulemba kosakanizasakaniza. Pofuna kuyerekeza kuthima kwa magetsi pali `dm-flakey`, yomwe imataya zolembedwa dala, ndi `dm-log-writes`, yomwe imajambula kulemba kulikonse kuti mudzaone mmene disiki inalili pa sitepe iliyonse. Ngati vutolo lilibe mayeso ake, pemphani kuti alembedwe.

Ine ndimawonjezera china. Ndili ndi desikitopu yakale yopanda batire. Ndimaiika kuti izilemba mafayilo, kuitana `fsync`, n'kutumiza pa laputopu dzina ndi `sha256sum` (nambala yomwe imasintha fayilo ikangosintha) ya fayilo iliyonse yomwe yatsimikizidwa. Kenako ndimazula pulagi pakhoma. Ikayaka ndimathamangitsa `e2fsck -fn`, yofufuza zolakwika mu kaundula wa ext4, n'kuyerekeza manambala. Fayilo iliyonse yomwe inatsimikizidwa iyenera kupezeka yathunthu. Njirayi imagwiranso madisiki ndi ma SSD otsika mtengo omwe amanama kuti akhuthula memori yawo.

Pa za bandulo: mbiri yonse ya kernel ndi magigabaiti angapo. Koperani kamodzi pomwe pali intaneti yabwino, kaya mwakwera mtunda kupita ku Blantyre, mugawane pa fulashi, pambuyo pake muzingokoka zatsopano. Ndipo kumanga kernel muzichita usiku kukazizira, masana laputopu imadzichepetsa liwiro ndi kutentha.

Ndikamaliza ndilembe chiyani?

Nenani zomwe mwachitadi. `Reviewed-by:` ikutanthauza kuti mwawerenga, mwamvetsa ndipo mukuimira chigambacho. `Tested-by:` ikutanthauza kuti mwachiyesa. Musasakanize ziwirizi. Tchulani kernel yomwe munayesera, file system yake, ndi mayeso omwe munathamangitsa. Ngati pali pomwe mukukayikira, lozani mzere weniweniwo n'kufotokoza zomwe zingachitike motsatana: uyu wagwira loko, uyo wadula fayilo, magetsi athima apa, chotsala n'ichi. Lembani mwaulemu, wolembayo watha masiku pa ntchitoyi. Ngati ndinu woyamba kumene, `Tested-by:` yochokera pa makina omwe amazimadi mwadzidzidzi ndi thandizo lenileni.

Ine sindilemba kernel, ndimangopanga timapulogalamu ta m'maofesi. Nditengepo chiyani?

Musalembe pamwamba pa fayilo yokhayo yomwe muli nayo. Lembani fayilo yatsopano ya dzina longoyembekezera mu foda yomweyo, itanani `fsync` pa fayiloyo, isintheni dzina ndi `rename` kuti ilowe m'malo mwa yakale, kenako itanani `fsync` pa fodayo. Magetsi akathima pena paliponse mutsala ndi yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Onani yankho la `write`, la `fsync` ndi la `close` nthawi zonse, ndipo `fsync` ikalephera musangoibwereza, pa chifukwa chomwe tafotokoza pa funso la kulephereka pakati. Ngati zosungidwazo ndi zambiri, gwiritsani ntchito database yaing'ono ya SQLite yomwe inakonza kale zimenezi m'malo mopanga njira yanuyanu.

Kwa ogwira ntchito m'ofesi, aphunzitseni kudina Eject n'kudikira asanazule fulashi, komanso kugwirira ntchito pa disiki ya kompyuta n'kukopera pa fulashi pomaliza. Batire ya UPS muziiyesa pozula pulagi kamodzi pa mwezi kompyuta isanatsegule fayilo iliyonse. Bakapu imodzi ikhale m'pulasitiki yomanga pa shelefu ya pamwamba, ina ichoke m'nyumbamo ipite kumtunda mvula isanayambe, chifukwa madzi a mu Malichi 2023 analowa m'maofesi momwe makompyuta ndi mabakapu ake anali pa tebulo limodzi.